Msana wa Dokotala Nungu

Padangokhala, ndipo inu musandisiye ndekha, m'masiku aja pamene nyama zinkakhala m'maofesi ndi kuitanana mabwana, panali chipatala china chimene dokotala wake anali Nungu.

Nungu ameneyu ankachiza ndi maso. Wodwala akalowa, ankayamba wamuyang'ana kumaso, kumutsitsa chikope, kumugwira pamimba, kenako n'kumufunsa kuti kunyumba wasiya ali bwanji. Pofika poti wodwalayo anene chimene chikumupweteka, Nungu ankakhala atachidziwa kale. Jakisoni sankamusowa, poti ankangothothola munga umodzi kumsana kwake. Ana ankamuopa pa chifukwa chimenecho, koma amayi awo ankamukonda zedi.

Chimene chinkamuvuta chinali mabuku akuchipatala, poti nyama sizidziwa kusunga chinthu. Mbuzi buku lake analidya yekha, la Chule linkabwera lili lonyowa, ndipo a ena onse chiswe chinachita nawo phwando. Choncho itabwera kompyuta yosunga mbiri ya odwala, aliyense anakondwa, ndipo woyamba kuvina anali Nungu yemweyo. Ndikunena izi kuti wina asadzati ine ndimadana ndi makina. Kompyutayo inali yabwinobwino, sinkaiwala kanthu ndipo chiswe sichinkaifuna. Anaiwononga ndi akuluakulu.

Zipatala zonse zinkayang'aniridwa ndi akuluakulu atatu. Njati ankaimira nyama za miyendo inayi, Nang'omba ankaimira mbalame, ndipo Nsato ankaimira zokwawa. Atatuwa anakhala pansi kuti agwirizane mafunso amene dokotala aziyankha m'kompyutamo. Njati anaikamo a nyanga, a miyendo, a ziboda ndi a kubzikula. Nang'omba ataona kuti mnzake waika ambiri, anathiramo a mapiko, a nthenga ndi a mazira. Nsato naye anati zokwawa si ana amasiye, n'kuwonjezera a mamba, a ululu ndi a kufundula. Kenako, kuti pasakhale mtundu wooneka wotsalira, analamula kuti mafunso onsewo azifunsidwa kwa wodwala aliyense. Dokotala aziona yekha ndi maso ake, chinthu chikapanda kupezeka azilemba chifukwa chake, ndipo kompyuta isamulole kupereka mankhwala mpaka funso lomaliza litayankhidwa. Atatero anadinda, n'kupita kukadya.

Kuyambira pamenepo Chule akabwera ndi mutu, ankayamba wafufuzidwa nyanga. Nungu ankakhala pakompyutapo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akugogoda ndi zala ziwiri, nkhope kukhoma, msana kwa wodwala. Ndipo inu mukudziwa kuti msana wa nungu si chinthu choti munthu wodwala azichiyang'ana.

Mzere unatalika, ndipo amayi a pamzerepo, posowa chochita, anapeka nyimbo. Inali nyimbo yodandaula koma yovinika. Wotsogolera ankafunsa adokotala kuti nkhope yawo anaisiya kuti, poti odwala abwera kudzaona maso koma apeza minga. Oyankha ankangowapempha adokotalawo kuti acheuke, uku akugogoda mabenchi ndi zala ziwiri monga mmene iwo ankachitira pamakina paja. Nungu ankaimva nyimboyo ali m'kati, ndipo inkamupweteka mtima.

Anapitako kwa akuluakulu aja kukadandaula. Aliyense anavomera kuti mafunso achulukadi, ndipo aliyense ananena kuti ofunika kuchotsa ndi a anzake awiriwo. Nungu anabwerako atatopa, n'kulengeza kuti chimanga chikangouma m'munda, iye avula jasi loyera n'kupita kwawo kukalima chinangwa.

Pachipata cha chipatalacho panali Gologolo, wogulitsa mtedza wokazinga. Malonda ake sankakula, chifukwa theka la mtedzawo linkathera m'masaya mwake, koma anali ndi pakamwa pokoma, ndipo anzake ankadabwa kuti nkhuni zokazingira sizinkamuthera. Ameneyu ndiye anamva uthenga wa Nungu n'kusiya kutafuna. Mkazi wake Nangozo anali woyembekezera. Anali atapita padera kawiri, ndipo ulendo uno mimba inakhazikika chifukwa Nungu, kompyuta isanalemedwe ndi mafunso, anamutsitsa chikope n'kuona kuti magazi ndi ochepa. Nthawi yake yochira inali yomweyo ya chimanga chouma. Gologolo anachita mantha, ndipo sanabise.

Nangozo anamuuza kuti apite akagwade kwa akuluakulu. Gologolo anati maondo a Nungu ndi aakulu kuposa ake, ndipo abwerako opanda kanthu. M'malo mwake analowa kwa dokotala.

"Adokotala, ndikupempheni chinthu chimodzi. Aliyense amene ndibwere naye ine, musamuchitire chifundo. Mutsate lamulo lonse mpaka kumchira."

"Ndimatero kale," anayankha Nungu osacheuka.

"Ayi, pena mumangolemba kuti mwaona. Ine ndikufuna muzionadi."

Anayamba ndi Njati. Anamupeza ku ofesi, n'kukhala pansi mwaulemu, n'kunena kuti chinthu china chikumusowetsa mtendere. Kompyuta ija yalemba nyanga za Gwape, nyanga za Mbawala, ngakhale tinyanga ta Mbuzi, koma nyanga zenizeni za m'dziko muno mulibemo. Ana a mawa adzadziwa bwanji kuti kunali nyanga? Njati anasisita nyanga zake, n'kunena kuti nkhaniyo ndi yoona. M'mawa mwake anafika kuchipatala, Gologolo ali pambuyo atamunyamulira chikwama.

Poyamba zinayenda bwino. Nungu anayeza nyanga, Njati akutembenuzira mutu uku ndi uku kuti a pamzere aone pazenera. Anawerenga ziboda. Kenako Nungu anafunsa, nkhope ili kukhoma, kuti bwana anaikira liti dzira lomaliza.

"Wati chiyani?"

"Dzira, bwana. Ndi funso la a Nang'omba."

Njati anafwenthera mpweya n'kunena kuti alembe kuti palibe. Nungu anapepesa, n'kunena kuti lamulo likuti aone yekha, ndiye bwana akhale pansi pang'ono kenako adzuke, tione ngati pasala kanthu. Njati anakhala, n'kudzuka. Panalibe dzira. Atafika pa mapiko, Gologolo anathandiza ndi nzeru yakuti mapiko ena amabisala m'thupi ndipo amatuluka mwini wake akakhala m'malere. Anatuluka naye panja, n'kumukweza pachulu. Nduna yonse ya miyendo inayi inalumpha ikukupiza miyendo yakutsogolo, n'kugwa pansi kuti khu. Amayi aja anayambitsa nyimbo yawo, mabenchi akulira ndi zala ziwiri, ndipo tsiku limenelo anaiimba mokweza kuposa kale.

Pobwerera Njati ankangotukwana mbalame zonse ndi mazira awo. Gologolo anamulola atukwane mpaka atatopa, kenako anati iye chikumupweteka n'china.

"Dzana, bwana, funso lanu la nyanga anafunsidwa Nkhono. Anayankha kuti ali nazo ziwiri. Panopa m'kompyutamo dzina lake lili pafupi ndi lanu."

Njati anaima chilili pamsewu. Ananena kuti funso la nyanga ndi la eni nyanga, ndipo aliyense azifunsidwa za thupi lake, dokotala ndiye aziona loyenera. Gologolo anaomba m'manja, n'kunena kuti nzeru zotere sanazimvepo chibadwire, koma bwana asauze anzake aja, angamubere. Akazinene yekha pamsonkhano.

Nang'omba anamva za kuchulu kuja, anaseka mpaka misozi, n'kulumbira kuti iye kuchipatalako sapondako. Gologolo sanamukakamize. Ankadziwa kuti Nang'omba akukwatitsa mwana wake wamkazi, ndipo mkuluyu ankanyadira mawu ake aakulu kuposa china chilichonse. Ndiye ankangopita tsiku ndi tsiku kukamvetsera pamene mkuluyo ankayeserera zokalankhula paukwatipo. Akamaliza, Gologolo ankati zakoma, koma akuchimuna akhala kumbuyo, kodi akamva? Abwerezenso mokweza pang'ono. Nang'omba ankabwereza, Gologolo n'kusunthira patali, n'kugwira khutu. M'mawa wa tsiku la ukwati, Nang'omba anatsegula mlomo, mawu osatuluka. Anali atasasa ngati chitseko chakale.

Anathamangira yekha kwa Nungu, Gologolo akumutsatira ndi chipewa chake. Mankhwala a pakhosi anali pashelefu pomwepo, botolo likuoneka, moti akanatha kulitenga ndi mlomo. Koma Nungu anayamba ndi ziboda. Anapitiriza ndi mamba. Kunja kunamveka ng'oma za ukwati. Atafika pa kubzikula, Nang'omba anapatsidwa udzu kuti adye, onse n'kukhala chete kudikira ngati ubwerere kukamwa. Mkulu uja anasendera kwa dokotala, n'kunong'ona kuti alumphe mafunso enawo, palibe amene adziwe.

"Pepani bwana, sindinamve bwino," anatero Gologolo mokweza, atatsegula chitseko. "Mukuti adokotala aphwanye lamulo limene munadinda nokha?"

Nang'omba anapukusa mutu msangamsanga, n'kumeza udzu wina. Pakhonde nyimbo ija inayambanso, ndipo wotsogolera anawonjezera kuti lero ngakhale a mapiko aphunzira kudya msipu. Botolo lija analilandira dzuwa litapendeka. Kuukwati anapeza mlamu wake Khwangwala atalankhula kale m'malo mwake, ndipo amene anamvapo Khwangwala akulankhula akudziwa kuti ukwatiwo unavutika bwanji.

Mawu atabwerera, choyamba chimene Nang'omba ananena chinali chakuti mbalame isadzafunsidwenso za udzu. Gologolo anangofunsa mofatsa kuti nanga funso la mapiko lija, limene Mphemvu amaliyankha monyada, lizipitabe kwa aliyense? Nang'omba anaganiza pang'ono, n'kutulukira yekha nzeru yatsopano yakuti aliyense azifunsidwa za thupi lake. Gologolo anadabwa kwambiri ndi nzeruyo, n'kumulangiza kuti aisunge mpaka pamsonkhano.

Apa chimanga chinali chitayamba kugwetsa makutu, ndipo Nangozo ankayenda atagwira m'chiuno. Kunatsala Nsato, ndipo lamulo silikanasintha popanda chidindo chake.

Nsato sanadikire kuti Gologolo amalize moni.

"Ndamva zimene wawachita anzanga, mphwanga. Njati ndi wamanyazi, Nang'omba ndi wapaphuma. Ine manyazi ndilibe, ndipo sindithamangira kulikonse. Tiye, ndikakusonyeze kuti lamulo lathu lilibe vuto."

Anapitadi. Anadzikulunga pakati pa chipinda n'kutseka maso. Anamufufuza nyanga, iye ali mtulo. Anamukweza pachulu, iye n'kungotsetsereka bwinobwino n'kugonanso. Udzu anameza osadandaula, n'kupempha wina. Amayi anaimba nyimbo yawo mpaka kukhosi kuuma, Nsato n'kunena kuti ndi nyimbo yabwino yogonera. Nangozo, amene anali pabenchi tsiku limenelo, anayang'ana mwamuna wake ndi maso ofunsa, ndipo anapsa mtima kumuona akutafuna mtedza ngati palibe chikuchitika.

Kenako Nungu anafika pa funso la Njati la miyendo. Anayang'ana Nsato kuyambira kumutu mpaka kumchira, n'kulemba kuti palibe. Kompyuta inafunsa kuti miyendoyo inapita kuti, n'kupereka mayankho atatu oti asankhepo: ngozi, matenda, kapena kudulidwa. Nsato anatsegula diso limodzi n'kunena kuti anabadwa choncho. Nungu anati yankho limenelo mulibemo, poti a Njati polemba funsoli sanaganize kuti munthu angabadwe wopanda miyendo. Nsato anatsegula diso lachiwiri. Anakana ngozi, anakana matenda, koma kompyuta sinasunthe. Pomaliza, pofuna kuti zithe, anati alembe ngozi. Nthawi yomweyo makina aja analemba kuti bwana Nsato anataya miyendo inayi pangozi, apatsidwe ndodo zoyendera zinayi, ndipo uthengawo unapita ku zipatala zonse za m'dzikomo.

Apa ndi pamene panali chinsinsi cha nkhuni za Gologolo. Njoka wamba zonse zinkalandira ndodo zimenezi, n'kuzitaya mwakachetechete kuseri kwa chipatala chifukwa cha manyazi, ndipo iye ankazitola n'kumakazingira mtedza. Nsato yekha, pokhala bwana wosadwaladwala, ndiye sankadziwa.

Gologolo anasenza ndodo zinayi zija paphewa, n'kumatsatira Nsato mwaulemu, ndipo anaonetsetsa kuti adutsire pamsika. Ogulitsa anaimirira kupepesa bwana chifukwa cha ngoziyo. Mayi wina anafunsa kuti inachitika liti, poti iwo sanamve. Wina anati n'chifukwa chake bwana amayenda chokwawa, ife tinkayesa ndi ulemu.

"Taya zimenezo," anatero Nsato chapansipansi.

"Sindingataye, bwana, zalembedwa m'dzina lanu. Ndipo chaka chamawa mudzalandira zina, poti kompyuta siiwala."

Asanatuluke mumsikamo, Nsato naye anali atatulukira nzeru yatsopano.

Tsiku la msonkhano Njati anaimirira n'kunena kuti usiku ndi usana wakhala akuganiza, ndipo wapeza njira. Asanamalize, Nang'omba anamudula n'kunena kuti njira imeneyo ndi yake. Nsato anati onse awiri ndi akuba. Anakangana mpaka aliyense anatchula mboni yake, ndipo mboni ya onse atatu inali imodzi. Anatuma kuti Gologolo abwere, ndipo atangolowa, Nsato anamuzungulira ndi thupi lake lonse.

Gologolo anapanikizika, koma pakamwa panali pake. Anavomera kuti anayenda kwa onse atatu. Kenako anafunsa a Njati ngati anamva bwino nkhani ya ndodo za a Nsato, poti iye anaiona ndi maso. Njati anali asanaimve. Gologolo anaifotokoza yonse mpaka ya mayi wa pamsika uja, ndipo Njati anaseka mpaka kugwetsa mpando. Nsato, pobwezera, anamasula Gologolo kuti asonyeze mmene Njati ankakupizira miyendo pachulu. Nang'omba anaseka mpaka anzake anamufunsa ngati udzu uja unabwerera. Atatha kuseka, Gologolo analankhula mosaseka.

"Mabwana, inu munapitako kuchipatala kamodzikamodzi, muli bwino. Mkazi wanga akupitako mawa kapena mkuja, ali pakati pa moyo ndi imfa, ndipo dokotala wamanga kale katundu."

Njati anakoka pepala n'kudinda ndi chiboda, Nang'omba anajompha ndi mlomo, Nsato n'kupsinja ndi mchira. Mafunso onse anatsala m'kompyutamo, koma dokotala anapatsidwa ufulu wofunsa okhawo okhudza wodwala amene ali patsogolo pake, ndi kupereka mankhwala osadikira enawo. Akuluakulu aja anatsala akukanganabe kuti lamulo latsopanoli litchedwe dzina la yani.

Gologolo anathamanga mchira uli m'mwamba. Anapeza Nungu atamangirira kale katundu panjinga, khasu lili pamwamba. Anamuonetsa pepala lija, koma Nungu anangoti akuluakulu amadinda zambiri, ndipo iye watopa. Ali m'kati molankhula, amayi a pamzere anafika atamugwirizira Nangozo, matenda atamuyamba. Nungu anayang'ana njinga yake, n'kupuma mozama, n'kunena kuti uyu yekha amuthandiza, akhale womaliza.

Anakhala pamakina paja monga mwa masiku onse, msana kwa wodwala, atakonzeka kufufuza nyanga. Analemba dzina. Kompyuta inamukumbutsa za kupita padera kuja ndi za magazi ochepa, n'kufunsa timafunso tochepa ta mimbayo. Nungu anayankha, n'kudikira ena. Sanabwere. Anakhala kanthawi zala ziwiri zili m'malere, osadziwa chochita nazo. Kenako mpando unalira, ndipo Dokotala Nungu anacheuka.

Anamuyang'ana Nangozo kumaso. Anamutsitsa chikope, n'kuona kuti magazi achepanso, ndipo anaitanitsa msanga zofunika zonse asanayambe china chilichonse. Kenako anamugwira dzanja n'kumufunsa kuti kunyumba wasiya ali bwanji. Nangozo, ululu uli pakati, anaseka n'kunena kuti wasiya mbale zosatsuka, poti mwamuna wake masiku ano amangoyenda ndi mabwana.

Panja Gologolo ankazungulira njinga ija, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anagawa mtedza waulere osadyako ngakhale umodzi. Dzuwa lisanapendeke, m'katimo munamveka kulira kwa mwana, kenako kwa wina. Nangozo anachira bwinobwino, mapasa. Amayi a pakhonde anaimba nyimbo ija, mawu ake okhaokha atasintha. Wotsogolera ankalengeza kuti nkhope ya adokotala yapezeka, inali pomwepo kuseri kwa minga, ndipo oyankha anasiya kugogoda mabenchi n'kuyamba kuomba m'manja ndi nthungululu. Nungu anatuluka kudzawaletsa phokoso, koma anapezeka akuvina, ndipo aliyense anamupatsa malo okwanira chifukwa cha msana uja.

Katundu wa panjinga anamasula Gologolo yekha, osafunsa mwini wake, ndipo mwini wakeyo sanamuletse. Mzere wa tsiku limenelo unatha kukali kowala. Mwana woyamba anamutcha Cheukani, wachiwiri Mwatiwona. Ndodo zinayi za bwana Nsato sizinapite pamoto ngati zinzake. Gologolo anazizika kuseri kwa nyumba, n'kumangapo chingwe, ndipo mpaka ana aja atayamba kuyenda, ndi pamene Nangozo ankayanikapo matewera.

Yanga yathera pamenepa. Amene ali kutsogolo kwa mzere alowe, adokotala akumuyang'ana.